Mwana wanga sachoka pafoni, koma akulirira kukakwera phiri la Mulanje. Ndimulole?

Funso lachokera kwa mayi wina wa ku Chirimba mumzinda wa Blantyre:

"Mwana wanga woyamba ndi mnyamata wa zaka 15, ali Fomu 3. Ali wamng'ono sankakhazikika pakhomo, tsiku lonse ali kudambo, pobwera matumba a kabudula atadzaza ziwala ndi timiyala. Lero akaweruka kusukulu amangodzitsekera kuchipinda ndi foni. Tikapita kumudzi ku Thyolo amakhala ngati tamutengera kundende, ndipo agogo ake akamuitana kuti apite nawo kumunda amati mutu ukumupweteka. Tsopano kalabu ya zachilengedwe ya kusukulu kwawo yakonza ulendo wa masiku atatu ku phiri la Mulanje, ndipo iye akulirira kupita. Bambo ake akuti n'kutaya ndalama, akungofuna kukajambulitsa zithunzi ndi anzake, bola akhale pansi aziwerenga poti MSCE ili pafupi. Ine ndikuopa njoka, mitsinje, ndiponso zoti anyamata ndi atsikana akagone kutali ndi makolo. Koma ndikuopanso kuti ndikulera mwana wosadziwa nthaka imene imamudyetsa. Ndichite bwanji?"

Mayi, zikomo chifukwa cha kalata yanu, ndipo mtima ukhale m'malo. Mwana wanu sanaonongeke. Ndaphunzitsa kusekondale ndi kuyang'anira makalabu a zachilengedwe kwa zaka zambiri, ndipo m'kalasi iliyonse ya Fomu 2 ndi Fomu 3 mumakhala anyamata ndi atsikana otere. Ofufuza a ku Britain atafunsa anthu a misinkhu yosiyanasiyana anapeza kuti chidwi pa zachilengedwe chimakhala chachikulu paubwana, chimatsika kwambiri mwana akalowa m'zaka za 13 mpaka 16, kenako chimayambanso kukwera munthu akamakula. Mwana amene ankabwera ndi ziwala m'matumba uja akadalipo. Kungoti pa msinkhu uno mtima wake uli pa anzake, ndipo chilichonse chimene mulibe anzake sichimukoma.

Komabe pali mbali ina imene ife akuluakulu tiyenera kuivomera. Taganizani mmene mwana wa kuno kwathu amakumanirana ndi dothi akangopitirira zaka 12. Akachedwa kusukulu amamupatsa chikwakwa kuti akatchetche udzu. Akalongolola m'kalasi, akakumbe dzenje la zinyalala kapena akazule chitsa. Kunyumba timamuuza kuti alimbikire sukulu kuti asadzagwire khasu ngati agogo ake. Ndiye tikafika naye kumudzi n'kumupatsa khasu lomwelo, tikudabwa chiyani mutu ukayamba kupweteka? Tamuphunzitsa tokha kuti ntchito ya panja ndi chilango ndiponso kuti munthu wophunzira amakhala pamthunzi. N'chifukwa chake zimandipweteka ndikaona sukulu ikupereka kubzala kapena kuthirira mitengo ngati chilango. Mwana amene wabzala mtengo atakwiya sabwereranso kukauona.

Onjezeraninso kuti malo ambiri amene inu ndi ine tinkasewera anatha. Madambo a m'tauni anamangidwa nyumba, mabwalo ena a mpira anasanduka mapuloti, mtsinje wa Mudi ndi wosati n'kupondamo, ndipo phiri la Ndirande limene akuluakulu amalikumbukira lili ndi nkhalango linametedwa mpala m'zaka za m'ma 1990. Tamanga mipanda, ndipo mwana akati akufuna kukayenda timamupanikiza ndi mafunso chifukwa tikuopa akuba, chamba ndi magulu oipa. Manthawo ndi omveka. Koma mapeto ake foni yatsala malo okhawo amene mnyamata angakumane ndi anzake popanda kupempha chilolezo.

Tsono yankho langa ndi ili: mloleni apite, malinga sukulu ikuyankheni bwino mafunso amene ndikupatseni m'munsimu.

Bambo akunyumbawo sakunama pamene akuti mwanayu akutsata anzake ndi zithunzi. Ndi zoona, ndipo palibe cholakwika. Sindinaonepo wachinyamata akulembetsa ulendo chifukwa chofuna kuphunzira za kukokoloka kwa nthaka. Amalembetsa chifukwa mnzake walembetsa. Zimene zimachitika akafika kumeneko ndi zina. Akanyamuka m'mawa pa Likhubula, m'tsinde mwa phirilo, ola loyamba amakhala akuseka ndi kujambulana. Chitunda chikayamba kuuma, foni imalowa m'chikwama chifukwa manja akufunika. Wina madzi amuthera, mnzake amugawira. Mnyamata amene m'kalasi sayankhula amapezeka kuti ndiye wasenzera mnzake katundu. Akafika pamwamba n'kucheuka, amaona minda ya tiyi, misewu ndi midzi zili pansi pake, ndipo amadziwa kuti wafika pamenepo ndi miyendo yake, popanda kholo lomukankha. Wachinyamata amalakalaka zinthu zitatu: kukhala ndi anzake, kuyesa mphamvu zake pa chinthu chovuta, ndi kukhulupiriridwa. Phiri limamupatsa zonsezi nthawi imodzi, ndipo maphunziro amalowera pamenepo.

Maphunzirowo si ochepa. Pa Mulanje adzamva fungo la mkungudza, mtengo wa fuko lathu umene mwachilengedwe sumera kwina kulikonse padziko lapansi koma paphiri limeneli, ndipo adzaona zitsa zake, chifukwa odula mitengo mozemba ndi moto wolusa zatsala pang'ono kuutheratu. Adzaonanso mbande zimene anthu akuyesetsa kubwezeretsa. Mphunzitsi wabwino adzamuimika pa mtsinje wa Likhubula n'kumuuza kuti ena mwa madzi amene amatuluka m'mipope ya mumzinda wa Blantyre amachokera pomwepo, ngakhale ambiri amapopedwa mu Shire ku Walker's Ferry. Mwana akamvetsa kuti mpope wa pakhomo uli ndi gwero lake, ndipo gwerolo limadalira udzu ndi mitengo ya kuphiri, mafunso ena amabwera okha. N'chifukwa chiyani magetsi anavuta kwa miyezi yambiri namondwe wa Ana ataononga malo opangira magetsi a Kapichira mu Januwale 2022? N'chifukwa chiyani matope ndi miyala zinatsika m'phiri la Soche n'kukwirira nyumba ku Chilobwe pa nthawi ya namondwe wa Freddy mu Malichi 2023? Mvula ya masiku amenewo inali yoopsa payokha, koma phiri lopanda mitengo lokhala ndi nyumba mpaka m'mapewa mwake silikanatha kuigwira. Mwana wanu anali mumzinda womwewo pamene izi zinkachitika. Zimenezi si nkhani za m'buku kwa iye.

Apa ndichenjeze aphunzitsi anzanga amene akuwerenga. Tisamangowaunjikira ana nkhani za chionongeko: nkhalango zatha, nyengo yasintha, nsomba zachepa. Wachinyamata akamva zoopsa zokhazokha popanda choti iye achite, amatseka makutu kapena amagwa mphwayi. Ayambe wakonda malo, wasambamo, wagwapo, wasekapo ndi anzake, kenako nkhani yowateteza idzakhala ndi pogwira. Tiziwauzanso zimene zatheka. Nkhalango ya Majete inali itatsala pang'ono kutha nyama, koma chiyambire 2003 pamene bungwe la African Parks linayamba kuiyendetsa mogwirizana ndi boma, njovu, zipembere ndi mikango zinabwereramo.

Za MSCE, auzeni bambowo mwaulemu kuti masiku atatu salepheretsa mwana mayeso amene adzalemba ali Fomu 4. Ndiponso zimene akaone kumeneko zili m'silabasi ya Geography, Biology ndi Agriculture: mapangidwe a mapiri, mvula imene imagwa mphepo yachinyezi ikakwera phiri, kusiyana kwa zomera za m'munsi ndi za pamwamba. Mwana amene wanyowapo ndi mtambo pa Chambe kapena pa Lichenya, madera a pamwamba pa phirilo, savutika kufotokoza zimenezi papepala. Thupi nalo limapindula. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limalangiza kuti ana a zaka 5 mpaka 17 azichita zolimbitsa thupi kwa mphindi 60 tsiku lililonse, ndipo madokotala a maso anatsimikiza kuti kukhala panja pa kuwala kwa dzuwa kumachepetsa vuto losaona patali limene likuchuluka mwa ana okhalira mabuku ndi mafoni. Mwana amene wayenda masana amagonanso bwino usiku, ndipo wogona bwino ndiye amagwira zimene wawerenga.

Tsopano tibwere ku mantha anu, chifukwa ena mwa iwo ndi enieni. Njoka ndiyo imakuopsani kwambiri, koma pa ulendo ngati uwu zoopsa zazikulu ndi msewu, kuzizira ndi madzi. Funsani kuti ayenda pa galimoto yotani. Ngati ndi lole yapululu kapena minibasi yodzaza mopyola muyeso, kapena akukonza zoyenda usiku, kanani ndipo auzeni makolo anzanu. Funsani ngati atenga wowatsogolera wovomerezeka, amene amapezeka kudzera ku ofesi ya zankhalango pa Likhubula. Phiri la Mulanje limasintha nkhope mofulumira. Chiperoni chikatsika, makamaka m'miyezi ya Meyi mpaka Ogasiti, munthu saona mnzake amene ali mapazi ochepa patsogolo, ndipo mwana wonyowa wovala malaya opyapyala akhoza kuzizidwa mpaka kukomoka. Akhale ndi juzi yokhuthala, jekete kapena pepala la pulasitiki lotchinga mvula, chipewa, bulangete, tochi, zovala zosinthira zokulungidwa m'jumbo, ndi nsapato zogwira pansi zimene anazivalapo kale. Nsapato zatsopano zimatupitsa mapazi tsiku loyamba lomwe. Funsaninso ngati akufuna kukafika pa Sapitwa. Nsonga imeneyi ndi yotalika mamita 3,002, njira yake ndi ya miyala ikuluikulu, ndipo alendo anatayikirapo kumeneko mu 2003 ndi mu 2009 atapita opanda wowatsogolera. Gulu la ana a sukulu limene likukwera koyamba lilibe chifukwa chopitira kumeneko. Kugona pa nyumba imodzi ya alendo ya paphiri ndi kuyendera madera ozungulira n'kokwanira.

Madzi ndiwo ndimawaopa kuposa zonse. Maiwe a m'mitsinje ya ku Mulanje, monga Dziwe la Nkhalamba, ndi okongola, akuya ndiponso ozizira kwambiri, ndipo mnyamata wa zaka 15 sangavomere pamaso pa atsikana kuti sadziwa kusambira. Mufunseni muli awiri. Ngati sadziwa, muuzeni mphunzitsi wotsogolera, ndipo mugwirizane ndi mwanayo kuti madzi asapitirire m'mawondo. Palibe kudumphira m'dziwe kuchokera pamwala, palibe kuwoloka mtsinje wodzaza, ndipo mvula ikagwa kumtunda madzi amatha kukwera mwadzidzidzi ngakhale pamene mwaimapo kuli dzuwa. Ulendo wina ukadzakhala wa kunyanja, monga ku Cape Maclear, mudzakumbukire likodzo: mwana akadzabwerako n'kuyamba kukodza magazi kapena kumva kupweteka pokodza, ngakhale patapita milungu, apite kuchipatala, mankhwala ake alipo.

Njoka zambiri zimathawa zikamva mapazi a gulu. Yovuta ndi mphiri, imene imangogona panjira osasuntha. Choncho aziyenda m'njira yodziwika, avale nsapato zotseka, asapise dzanja m'mauna kapena pansi pa miyala, ndipo usiku asatuluke popanda tochi. Wina akalumidwa, asatemedwe mphini pabalapo, asayamwidwe, asamangidwe chingwe chothina. Akhazikidwe pansi, achotsedwe mphete kapena chilichonse chothina, mwendo kapena mkonowo usagwedezeke, ndipo anyamulidwe msanga kupita kuchipatala. Mphunzitsi amene sakudziwa zimenezi sanakonzeke kutenga ana a eni ake.

Nkhani ya anyamata ndi atsikana musaichitire manyazi. Funsani kuti aphunzitsi apita angati, ndipo ngati pali atsikana, kodi pali mphunzitsi wamkazi? Nyumba zogona paphiri zili ndi zipinda zochepa, ndiye akuuzeni mwatchutchutchu kuti ndani agona kuti, ndipo akuluakulu agona pati. Pakhale kalata yochokera kwa mphunzitsi wamkulu, nambala za foni za otsogolera, ndi fomu yolembapo matenda a mwana monga mphumu kapena khunyu. Sukulu ikamazemba mafunso amenewa kapena kukuonani ngati ovuta, mwana asapite. Mwana wanunso mukhale naye pansi, makamaka bambo ake kapena amalume ake, mumuuze poyera za mowa, chamba ndi kulemekeza atsikana. Muuzeni kuti mukumulola chifukwa mukumukhulupirira. Mawu amenewa amamanga mnyamata kuposa chiopsezo.

Ngati ndalama ndiyo yavuta, muuzeni zoona m'malo mobisala kumbuyo kwa mayeso. Mukhozanso kugwirizana kuti iye apeze gawo lina mwa kugwira ntchito kapena kuchepetsa mabandulo. Ulendo umene waikapo thukuta lake amausamala.

Koma mayi, ulendo umodzi sungasinthe zonse. Chofunika kwambiri ndi zimene zidzachitike akabwerako, moto usanazime. Muli ndi mwayi, chifukwa phiri la Michiru lili pafupi ndi kwanu, ndipo lili ndi njira zoyendamo ndi anthu olondera nkhalango amene amaperekeza alendo. Mloleni azipita Loweruka lina ndi anzake awiri kapena atatu pamodzi ndi munthu wamkulu amene iye amamukonda. Nthawi zambiri msuweni wamkulu kapena mtsogoleri wa achinyamata kutchalitchi kapena kumzikiti amachita bwino kuposa kholo. Alimbikire m'kalabu ya kusukuluyo. Makalabu ambiri otere amagwira ntchito ndi bungwe la Wildlife and Environmental Society of Malawi, limene linayamba mu 1947, ndipo kudzera kumeneko ana amakumana ndi anthu amene zachilengedwe ndi ntchito yawo ya tsiku ndi tsiku. Ena mwa ana amene ndinawaona akuyamba motere anakaphunzira za nkhalango ndi nyama ku koleji ya ku Dedza, ku Mzuzu University kapena ku yunivesite ya zaulimi ya LUANAR. Koma musamukakamize kuti chidwi chake chisanduke ntchito. Dokotala, dalaivala kapena wamalonda wodziwa kumene madzi amachokera ndi wofunikanso m'dziko muno.

Pakhomo mupatseni chinthu choti chikhale chakechake. Kuseri kwa nyumba kukhoza kukwana nazale ya timachubu ta mbande za mbawa, mthethe, mapapaya kapena mapeyala. Akafesa nyengo yotentha, mbande zimakhala zokonzeka pa nyengo yobzala mitengo, imene m'dziko muno imayamba pa 15 Disembala n'kutha pa 15 Epulo, ndipo anthu amagula. Ngati mitengo simukoka, ayese akalulu, nkhunda kapena dimba la masamba. Lamulo ndi limodzi: zosankha ndi zake, ndalama ndi zake, ndipo mbande zikauma chifukwa anaiwala kuthirira, musathirire m'malo mwake ndipo musamunyoze. Kuuma kwa mbandezo kudzamuphunzitsa kokwanira.

Foni musalimbane nayo ngati mdani, mudzatopa ndinu. Ikhoza kutuluka naye panja. Pali mapulogalamu aulere monga iNaturalist ndi Merlin Bird ID amene amathandiza munthu kuzindikira chomera, kachilombo kapena mbalame kuchokera pa chithunzi chimene wajambula, ndipo achinyamata amakonda kupikisana kuti wapeza mitundu yambiri ndani. Malire akhalepo ndithu: pa chakudya palibe foni, ndipo usiku igone pabalaza. Koma lamulolo ligwire aliyense m'nyumbamo, inu ndi bambo omwe, apo ayi adzaliona ngati nkhanza.

Kumudzi nako sinthani kachitidwe. Agogo ake ali ndi chuma chimene mapulogalamu aja alibe. Amadziwa mtengo umene nkhuni zake sizifuka utsi, umene chiswe sichidya, nthawi imene masuku amapsa, kumene nantchengwa amamanga chisa chake chachikulu, ndi chifukwa chimene alimi amasiyira msangu pakati pa munda: umayoyola masamba nthawi ya dzinja, motero suphimba chimanga ndipo umadyetsa nthaka. M'malo momutuma kukapalira, mupempheni kuti ayende ndi agogo ake, ajambule mitengo, alembe mayina ake ndi ntchito zake, ajambulenso mawu a agogowo akufotokoza. Muuzeni zoona, kuti nzeru zimenezi zikupita ndi eni ake ndipo m'banja mwanu ndi iye amene ali ndi luso lozisunga. Mulole atenge mnzake kapena msuweni wa msinkhu wake. Khasu adzaligwira pambuyo, akadzaona kuti agogo amene ankawayesa osaphunzira akudziwa zinthu zimene mphunzitsi wake wa Biology angakonde kumva. Chenjezo limodzi lokha: bowa ndi zipatso zakutchire asadye pongodalira chithunzi cha pafoni. Bowa wina wakupha amafanana kwambiri ndi wodyedwa, ndipo chaka ndi chaka nthawi ya dzinja mabanja amagonekedwa m'zipatala chifukwa cha zimenezi.

Pomwe mwanena kuti amadzitsekera kuchipinda, ndikufuna muonetsetse chinthu china. Kukonda kukhala payekha ndi kwa msinkhu wake, ndipo kulirira ulendo ndi anzake ndi chizindikiro chabwino chakuti akadali ndi chimene chimamusangalatsa. Koma mukadzaona kuti kwa milungu iwiri kapena kuposerapo wasiya ngakhale zimene ankazikonda, sakudya kapena sakugona, magiredi agwa mwadzidzidzi, wasiyana ndi anzake onse, akuopa kupita kusukulu, ndalama zikusowa m'nyumba chifukwa cha juga ya pafoni, kapena akuyankhula zoti moyo ulibe phindu, imeneyo si nkhani ya phiri kapena ya foni ayi. Kambiranani ndi mphunzitsi wake wa kalasi kapena wopereka uphungu pasukulupo, ndipo pitani naye kuchipatala cha boma mukapemphe kuonana ndi wa zaumoyo wa maganizo. Mukhozanso kuimba nambala yaulere yothandiza ana ya 116, ndipo iyenso muuzeni kuti nambalayo ilipo. Akatchula zodzipha, ngakhale mongoseka, musadikire kuti muone mawa: musamusiye yekha ndipo mupite naye kuchipatala tsiku lomwelo. Ngati akutsinzinira maso poyang'ana patali kapena akudandaula mutu pafupipafupi ngakhale kulibe khasu, kamuyezetseni maso asananyamuke ulendowu.